Kodi Mumadziwa? Kamba Wamkulu Kuposa Onse Alibe Chigoba Cholimba

Kodi mumadziwa kuti kamba wamkulu kuposa onse padziko lapansi alibe chigoba cholimba? Amatchedwa leatherback, ndipo kwawo ndi m'nyanja zikuluzikulu zamchere. Pamsana pake pali chikopa chochindikala, choterera ndi chamafuta, chakuda koma cha mawangamawanga oyera. Kunsi kwa chikopacho kuli timafupa ting'onoting'ono tambirimbiri tolumikizana, ndipo pamwamba pake padutsa mizere 7 yotukuka, kuyambira m'khosi mpaka kumchira, imene imathandiza kuti madzi azidutsa bwino akamasambira. Mano alibe, zikhadabo alibe, ndipo mutu sangaubweze m'kati ngati mmene amachitira kamba wa kumtunda akaopsezedwa. Asodzi a kunyanja kwathu amene amaidziwa nkhasi ya msana wofewa asaganize kuti awiriwa ndi pachibale chapafupi. Nkhasi ndi ya m'madzi opanda mchere ndipo ili ndi fuko lakelake, pomwe leatherback anatsala yekha m'banja lake. Abale ake onse anatha kalekale.

Nanga kukula kwake? Wamkulu bwinobwino amalemera makilogalamu apakati pa 250 ndi 700. Miyendo yake yakutsogolo, imene amapalasira madzi, akaitambasula imatha kukwana mamita awiri ndi theka kuchokera nsonga ina kufika nsonga inzake.

Koma chimphona chenicheni chinapezeka mu Seputembala 1988 pagombe la Harlech ku Wales. Anali kamba wamphongo, wotalika pafupifupi mamita atatu, wolemera makilogalamu opitirira 900. Anthu anamupeza atafa kale. Anakodwa m'zingwe za asodzi n'kulephera kutulukira pamwamba kuti apume, chifukwa kamba, ngakhale akhale moyo wake wonse m'madzi, amapuma ndi mapapo ngati ife. Thupi lake analisunga ku National Museum Cardiff, kumene anthu amakaliona mpaka lero. N'zomvetsa chisoni kuti kamba wamkulu kuposa onse amene anayezedwapo tinamudziwa chifukwa choti chingwe cha munthu chinamupha.

Mwina mwadabwa kale kuti kamba ankafuna chiyani ku Wales, dziko lozizira chotero. Kodi mumadziwa kuti thupi la leatherback limatha kufunda ndi madigiri 18 kuposa madzi amene akusambiramo? Buluzi, njoka ndi ng'ona zimadalira dzuwa, n'chifukwa chake m'mawa zimayamba zawothera kaye. Kamba uyu ali ndi njira zake. Ali ndi mafuta ochindikala pansi pa chikopa, mpaka m'khosi ndi m'mutu momwe. Thupi lake ndi lalikulu, choncho silitaya kutentha msanga. Sapumula kupalasa, ndipo minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha. Ndiye pali luso lina m'miyendo: mitsempha yopititsa magazi ofunda kumiyendo inagundizana ndi yobweza magazi ozizira kuchokera kumeneko, moti kutentha kumasinthana m'njira, magazi n'kufika m'thupi atafunda kale. Ndi zimenezi kambayu amafika ku Norway, ku Newfoundland, ku New Zealand ndiponso kuzungulira nsonga ya kummwera kwa Africa. Palibe chokwawa china chimene chimapezeka m'madera otalikirana chotero.

Chimene chimamukokera kumadzi ozizirawo ndi chakudya.

Kodi mumadziwa kuti chinyama chachikulu chonchi chimakhalira kudya zinthu zimene pafupifupi zonse ndi madzi okhaokha? Chakudya chake ndi jellyfish, zamoyo za m'nyanja zofewa, zonenderera, zoonekera m'kati, zopanda fupa ngakhale magazi, zimene zimayandama zikukoka tizingwe toluma. Pa magawo 100 a thupi la jellyfish, pafupifupi 95 ndi madzi. Kuti kamba akhute nazo, ayenera kudya zochuluka zedi. Akatswiri a ku Canada anamata kamera zazing'ono pamsana pa akamba amene amadya m'madzi a ku Nova Scotia, ndipo zimene anafalitsa mu 2012 zinaonetsa kuti kamba mmodzi amameza jellyfish zolemera makilogalamu pafupifupi 330 pa tsiku. Kumeneku n'kudya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa thupi lake, tsiku limodzi. Pa zithunzizo kamba amangolunjika pa jellyfish, kuing'amba ndi mlomo, kumeza, n'kulunjikanso pa ina, osaphonya. Amanenepa m'miyezi yochepayo, ndipo mafuta amenewo ndi amene amayendera ulendo wautali wobwerera kumadzi ofunda kukaswana.

Tsopano suzumirani m'kamwa mwake. Kuyambira m'kamwa momwemo mpaka kutsika ndi mmero wonse muli minga yambirimbiri yosongoka, yonse yoloza kumimba. Mmerowo ndi wautali kwambiri: umatsika mpaka chakumbuyo kwa thupi, kenako n'kukhotanso kubwerera kuti ukalowe m'chifu. Kamba akameza jellyfish pamodzi ndi madzi, amafinya mmero n'kulavula madziwo, koma chakudya choterera chija chimagwidwa ndi minga, sichingabwerere. Kwa zaka mamiliyoni ambiri mmero umenewu unkamutumikira bwino kwambiri, popeza chilichonse chofewa choyandama m'nyanja chinali chakudya.

Kenako kunabwera jumbo.

Jumbo ikamayandama m'madzi itafufuma, kwa kamba siisiyana ndi jellyfish. Akaimeza, minga ija imagwira ntchito yake ya masiku onse, osailola kutuluka. Mu 2009 akatswiri anaunika malipoti a akamba a mtunduwu 408 amene anang'ambidwa atafa, kuyambira mu 1885 mpaka 2007. Pulasitiki woyamba anapezeka m'mimba mwa kamba mu 1968, ndipo pa akamba onsewo, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi pulasitiki m'matumbo. Ena amafa chifukwa matumbo atsekeka. Ena safa msanga, koma amafooka, chifukwa nyama yodalira chakudya chamadzimadzi chotere siingakwanitse kutaya malo m'mimba ndi zinthu zosagayika.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ngakhale ife a dziko losagundana ndi nyanja yamchere. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ya Malawi, nyanjayo imatulukira mu Shire, Shire amakathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja ya India ku Mozambique, m'madzi mmene akamba amenewa amadutsa. Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Ambiri timaganizira za ngalande zotsekeka ndi mbuzi zofa ndi majumbo tikamamva za lamuloli. Tiziganiziranso kuti madzi athu sathera pamalire.

Kodi mumadziwa kuti leatherback amakhetsa misozi? Anthu amene amamuona akuikira mazira amaona madzi olendera akutsika m'maso mwake, ndipo ena amati akulirira ana ake amene sadzawaona. Zoona zake n'zakuti akutaya mchere. Chakudya chake ndi chamchere ngati nyanja yomweyo, ndipo impso zake sizingathe kuchotsa mchere wonsewo. Kuseri kwa maso ali ndi ziwalo ziwiri, zazikulu kuposa ubongo wake, zimene zimasefa mchere m'magazi n'kuutulutsa m'misozi yowawa mchere kuposa madzi a m'nyanja. Misoziyi imatuluka nthawi zonse, kungoti m'madzi siioneka. Pamtunda imathandizanso kutsuka mchenga m'maso.

Nanga mumadziwa kuti amamira kupitirira mamita 1,200? Malo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi ndi mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti kamba uyu akanakhala wa m'nyanja yathu akanagunda pansi mphamvu zikadalipo. Pa zamoyo zopuma mpweya, amene amamuposa ndi anamgumi ena ndi nyama zina zochepa za m'nyanja. Pa kuya kwa mamita 1,000, madzi amapanikiza thupi kuwirikiza ka 100 kuposa mpweya wa pamtunda. Chigoba chouma chikanasweka, koma msana wa leatherback umangofinyika n'kubwereranso. Mapapo ake amaphwa, ndipo mpweya umene amagwiritsa ntchito pansipo ndi umene anasunga m'magazi ndi m'minofu. Amatha kukhala pansi pa madzi kupitirira ola limodzi, ngakhale kuti masiku onse amamira pang'ono chabe, mphindi zochepa, n'kutulukira kudzapuma.

Paulendo ndiye musanene. Kamba wina wamkazi anamuika kachipangizo kolumikizana ndi setilaiti pagombe la Jamursba-Medi ku Papua, m'dziko la Indonesia. Anamutsatira masiku 647, ndipo anayenda makilomita opitirira 20,000, kuwoloka nyanja yonse ya Pacific mpaka kufupi ndi Oregon ku America. Pakati pa nyanja palibe phiri kapena mtengo woti n'kuzindikirira njira. Kafukufuku waonetsa kuti akamba a m'nyanja amamva mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, ndipo ngakhale tiana tongoswa kumene timatha kuitsata. Pamwamba pa mutu wa leatherback palinso banga lofiirira, pamene fupa ndi lopyapyala kwambiri. Akatswiri akuganiza kuti kuwala kumalowera pamenepo n'kumudziwitsa kuti masiku ayamba kufupika, nthawi yochoka kumadzi ozizira yakwana. Bangali limasiyana maonekedwe pa kamba aliyense, moti ofufuza amalijambula kuti azimuzindikira akadzabweranso.

Kodi mumadziwa kuti wamphongo akalowa m'nyanja ali kamwana, sapondanso pamtunda moyo wake wonse?

Wamkazi yekha ndi amene amabwerako, kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo amabwera usiku. Amatuluka m'mafunde mwakachetechete, wakuda bii, n'kuyamba kudzikoka pamchenga ndi miyendo yakutsogolo yonse iwiri nthawi imodzi. Thupi limene m'madzi limapepuka, pamtunda limamulemera kwadzaoneni. Amakoka kangapo, kuima, kudzutsa mutu, kupuma mofuula, n'kuyambanso. Akafika pamene mafunde safika, amayamba wakankha mchenga wouma wa pamwamba, kenako ntchito imatsalira miyendo yakumbuyo. Mwendo umodzi umalowa pansi, kupinda ngati chikhatho, kutapa mchenga n'kuutaya pambali. Ukatuluka umenewo, unzake umalowa. Sakuona chimene akukumba, koma dzenje limatuluka losalala bwino, lakuya masentimita 70 kapena kupitirira, lotakasuka kunsi. Mmenemo amagwetsamo mazira 80 mpaka 100, oyera, obulungira, a masentimita pafupifupi 5, a chikhungwa chofewa chimene sichisweka akamagwerana. Pomaliza amaikiranso timazira tina tating'ono topanda mbali yachikasu ija, timene sitiswa. Akatha amakwirira, kutsendera bwino, ndiye n'kutha nthawi yaitali akumwaza mchenga uku ndi uku, mpaka malo onse atasokonezeka moti galu kapena munthu sangaloze msanga pamene pali mazira. Pakapita masiku pafupifupi 10 amabweranso kudzaikira ena, ndipo amatero kasanu, kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira nyengoyo isanathe. Mazirawo sawafungatira, ndipo anawo sadzawaona.

Amene amafungatira ndi mchenga, kwa masiku pafupifupi 60. Ndipo kodi mumadziwa kuti mchenga womwewo ndi umene umagamula ngati mwana akhale wamphongo kapena wamkazi? Malire ali pa madigiri pafupifupi 29 ndi theka. Mchenga ukatentha kuposa pamenepo, ambiri amaswa aakazi. Ukazizirirapo, ambiri amakhala amphongo. Ukatentha mopyola muyezo, mazira amangofera m'dzenje. Ngakhale zinthu zili bwino, mazira a leatherback amene amaswa ndi pafupifupi theka lokha, kuchepa kuposa a akamba ena onse a m'nyanja. Ndiye dziko likamka litentha chonchi, nkhawa ndi yaikulu.

Ku Mexico ofufuza anajambula timawu timene tiana timatulutsa tikadali m'mazira, masiku oswa atayandikira. Tikaswa timakumba pamodzi kukwera pamwamba, n'kudikira kuti mchenga uzizire, kenako timatumphuka usiku tonse nthawi imodzi. Kamodzi ndi kotalika masentimita 6 okha, kolemera magalamu osakwana 50. Timathamangira kumene kukuwala, chifukwa pagombe lopanda anthu, kunyanja ndi kumene kumawala kuposa kumtunda. Magetsi a mahotela ndi a m'misewu amatisokeretsa, n'kumalowera kumtunda kumene timakafa ndi dzuwa. Panjira yaifupi yopita kumadziyo pali nkhanu, mbalame, agalu ndi ng'azi. M'madzi muli nsomba zikudikira. Akatswiri amayerekeza kuti pa tiana 1,000, kamodzi kokha ndi kamene kamafika pokula. Kamene kapulumukako kamakula msanga kuposa kamba wina aliyense wa m'nyanja.

Kodi mumadziwa kuti kamba uyu sawetedwa? Akamuika m'thanki amangosambira kulunjika kutsogolo, kugunda khoma, kugundanso, mpaka kuvulala, popeza m'moyo wake mulibe khoma. Ku yunivesite ya British Columbia ku Canada anachita kumangirira tiana ndi tizingwe totamuka pakati pa thanki kuti tizisambira osafika m'mbali, ndipo ndi njira imeneyi anatilera zaka zopitirira ziwiri. Khalidwe lomweli ndi limene limamupha m'nyanja. Sadziwa kubwerera chambuyo, choncho chingwe chikamukola m'khosi kapena m'mwendo, amalimbikira kupita kutsogolo, chingwecho n'kumamangika ndithu. Maukonde ndi zingwe zazitali za mbedza zambirimbiri ndi zimene zimapha akamba aakulu ochuluka. Njira zochepetsera imfazi zilipo ndipo zinayesedwa: mbedza zopindika mozungulira zimene kamba sameza msanga, ndi zitseko za zitsulo zoikidwa m'makoka kuti kamba azitulukira pamene nsomba zikulowa.

Kodi mumadziwa kuti gombe limene limalandira akamba a mtunduwu ochuluka kuposa ena onse lili mu Africa muno? Ndi ku Gabon. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2009 anayerekeza kuti akamba aakazi apakati pa 15,000 ndi 41,000 amaikira mazira m'magombe a dzikolo, ambiri mwa iwo m'malo otetezedwa monga Mayumba ndi Pongara.

Kufupi ndi kwathu kuno aliponso, koma ndi ochepa zedi. Amaikira mazira kumpoto kwa KwaZulu-Natal ku South Africa, m'magombe a iSimangaliso Wetland Park monga Sodwana Bay ndi Bhanga Nek, mpaka kuwoloka malire kulowa ku Ponta do Ouro kummwera kwa Mozambique. Kumeneko ntchito yowerenga ndi kuteteza akamba inayamba mu 1963, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za mtunduwu padziko lonse. Dzina la wofufuza George Hughes limatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi. Chaka ndi chaka alonda a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja amayenda wapansi usiku, kuyeza akamba, kuwaika zizindikiro ndi kulemba m'mabuku. Akamba a mtundu wa loggerhead achuluka kwambiri chiyambire ntchitoyi. A leatherback anachulukako poyamba, kenako chiwerengero chinaima, ndipo aakazi amene amaikira mazira pa chaka sakwana 100. Kuteteza gombe n'kofunika, koma kamba amene amathera pafupifupi moyo wake wonse pakati pa nyanja amafunikanso chitetezo kumene alonda sangafikeko. Ena mwa akamba amenewa akachoka pagombe amatsata madzi othamanga a Agulhas, kuzungulira Cape, n'kukalowa m'nyanja ya Atlantic, kudutsa m'madera a sitima zausodzi za mayiko ambiri.

Zimene zingachitike tikalekerera zinaoneka kale ku Malaysia. Pagombe la Rantau Abang, m'chigawo cha Terengganu, m'zaka za m'ma 1950 munkakhala zisa pafupifupi 10,000 pa chaka. Anthu ankafukula pafupifupi dzira lililonse n'kukagulitsa kumsika. Kwa zaka zambiri akamba aakulu ankabwerabe, moti zinkaoneka ngati palibe chavuta, koma kumbuyo kwawo kunalibe ana odzalowa m'malo. Pofika m'zaka za m'ma 2000, gombe lija linali litatsala lopanda kanthu. Kum'mawa kwa nyanja ya Pacific, ku Mexico ndi ku Costa Rica, chiwerengero chatsika ndi magawo opitirira 90 pa 100 alionse kuyambira m'ma 1980. Bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika leatherback m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi, ndipo a ku Pacific pamodzi ndi a kuno kummwera chakumadzulo kwa nyanja ya India ali pagulu la zotsala pang'ono kutheratu.

Koma ku Trinidad zinayenda mosiyana. M'mudzi wa Matura anthu ankapha akamba pagombe pomwepo akabwera kudzaikira mazira. Mu 1990 anthu a m'mudzimo, mmodzi mwa iwo mayi Suzan Lakhan Baptiste, anayambitsa gulu la Nature Seekers n'kuyamba kulondera gombe usiku. Ena mwa amene ankapha akamba anasanduka operekeza alendo odzaona akambawo, n'kumapeza ndalama pa nyama yamoyo. Lero Trinidad ndi limodzi mwa malo amene leatherback amaikirako mazira mochuluka kwambiri padziko. Ine ndimaona kuti gombe limatetezeka zenizeni pamene eni mudzi aona phindu la kamba wamoyo, kuposa pamene lamulo langolembedwa kulikulu.

Mitundu ya akamba a m'nyanja ilipo 7, ndipo isanu mwa imeneyi imapezeka m'madzi a ku Mozambique. Makolo awo ankasambira kale zaka zopitirira 100 miliyoni zapitazo, nthawi ya zinyama zikuluzikulu zotchedwa dinosaur, ndipo anapulumuka tsoka limene linapululutsa zinyamazo. Tsiku lokumbukira akamba a m'nyanja padziko lonse ndi 16 Juni.

Inu abale amene muli ku Durban, ku Richards Bay kapena ku Maputo, akamba amenewa ali pafupi nanu. Amaikira mazira kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndipo tiana timaswa mpaka Malichi. Mukafuna kukawaona, pitani ndi operekeza alendo ovomerezeka. Musayatse tochi, musajambule ndi kuwala kwa foni, musaime kutsogolo kwa kamba amene akukwera gombe, ndipo wina akakutsatsani mazira kapena nyama yake, kanani.